Mluzu wa Ababa

Ndinaphunzira mluzu wa ababa pofuna kupusitsa galu. Ndinene zimenezi poyambirira, wina angaganize kuti ndinali mwana wachifundo.

Ku Gaika kuno, komboni yathu ya kumgodi, amandidziwa. Ndine mtsikana uja anamangirira pamodzi zingwe za nsapato za adikoni ali mkati mwa pemphero lalitali. Ndinenso amene ndinaika chule m'kabati ya aphunzitsi a masamu, mpaka anandibweza kunyumba masabata awiri ndili Fomu 3. Chuleyo sanavulale. Aphunzitsinso sanavulale, anangokwera pa desiki.

Ababa ankagwira ntchito pansi, mumgodi. Akaweruka cha m'ma folo koloko ankabwera akukhwekhwereza majombo, ndipo akafika pakona pamene pali mtengo wa mango ankaimba mluzu: kawiri mofupika, kenako kamodzi motalika, mokwera kumapeto. Galu wathu wofiirira, wa khutu limodzi logwa, ankathamangira kugeti. Pamenepo ababa ankatsegula sikafutini, kachitini kawo kotengeramo chakudya kuntchito, n'kumudyetsa pamanja sadza lotsala, nsima ya kuno. Tsiku lililonse linkatsala. Ankasiya dala, ine ndikudziwa.

Ntchito itawathera, ababa anapita ku Silobela kukakumba golide ndi makorokoza, aja okumba paokha m'maenje. Anati akakhala miyezi itatu. Majombo akale ndi sikafutini anazisiya kuseri kwa chitseko. Miyezi itatuyo inakwana, inadutsa, tinasiya kuiwerenga. Asisi anga anakwatiwa ku Mambo, ku Gweru. Pakhomo tinatsala ine, amayi ndi galu.

Masabata awiri a chule aja anali aatali. Amayi ankalawirira kumsika kukagulitsa tomato, anzanga onse ali kusukulu, msewu wonse uli zii. Ndinasesa, ndinatsuka mbale zotsuka kale, kenako ndinakhala pakhonde n'kumaseweretsa lilime pa mpata wa mano anga akutsogolo. Mpata umenewu ndinatengera ababa. Tsiku lachitatu mluzu unatuluka ndendende.

Ndinakabisala kuseri kwa chimbudzi n'kuuimba. Galu anadzambatuka pamene anagona, anaterereka pasimenti, n'kukafika pageti mchira uli m'mwamba. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Ine ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka. Tsiku limenelo ndinamuchita kanayi, ndipo kanayi konse anathamanga. Kenako zinandikwana, ndinabwerera kusukulu, ndinapeza ena owavutitsa.

Nthawi yozizira ya chaka chotsatira galu anayamba kutha. Nthiti zinayamba kuwerengeka. Miyendo yakumbuyo inkachedwa kutsatira yakutsogolo, maso anachita ngati mwalowa mkaka, madzi ankamwa beseni lonse koma chakudya ankangochinunkhiza. Tinamukweza pa wilibala mpaka kwa adokotala a ziweto m'tauni. Anamutsegula kukamwa, anamugwiragwira m'mimba, n'kunena kuti ndi ukalamba, impso zatopa. Akamadya, akhalabe nafe pang'ono. Akasiyiratu kudya masiku angapo, tibwere naye adzamubaye jakisoni wogonetsa, asavutike.

Amayi anayesetsa, ndisawanamizire. Anamuphikira msuzi wa mafupa, anamusinjira matemba. Galu anatembenuzira mutu kukhoma. Ine ndinakhala naye pansi masana onse ndikumuuza nkhani za kusukulu, poti panalibenso wina woziuza. Ndinkamutchula kuti madala. "Madala, idyani. Mukufuna ine ndizikangana ndi ndani pakhomo pano?" Khutu lokha linkagwedera.

Tsiku lachiwiri osadya, nditaweruka kusukulu, ndinasuzumira kuseri kwa chitseko. Majombo anali pomwepo, akangaude atamangamo. Ndinawavala pamwamba pa masokosi a yunifolomu, ndinaika sadza ndi msuzi m'sikafutini, n'kutulukira kumpanda wakuseri. Ndinazungulira mpaka pamango paja. Ndinayamba kuyenda ngati ababa, khwe, khwe, phewa limodzi lili pansi, kenako ndinaimba.

Galu anadzuka. Zinamutengera nthawi, miyendo yakumbuyo inakana kawiri, koma anadzuka, n'kudzandira mpaka pageti. Ndinagwada, ndinatsegula chitini, anadya pamanja panga mbamu zisanu. Ndinawerenga.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti amayi anali atabwerako kumsika msanga, ankachapa kuseri. Anatulukira pakona pa nyumba akuthamanga, thovu lili m'manja, chitenje chikumasuka. Amayi sathamanga. Ataona kuti ndine, anaima. Nkhope imene ija sindikufuna kuifotokoza.

"Iwe, uli ndi mtima iwe?"

"Amayi, wadya. Taonani, wadya."

"Mwana wamkazi, mluzu pamsewu ngati hwindi woitanira kombi! Vula zimenezo. Usadzayerekezenso, wandimva?"

Majombo ndi chitini anazitsekera m'wadiropu, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje. Usiku umenewo sitinalankhulane. Sindinapepese, chifukwa galu anali atadya.

Lachisanu sanadye. Loweruka sanadye. Amayi ali kumsika ndinayesa mluzu wokha, wopanda majombo, ndili pakhonde. Anatukula mutu, anandiyang'ana, n'kuubwezera pansi. Zakale za kuseri kwa chimbudzi anali atazitulukira. Ankafuna zonse: pakona, khwe khwe, chitini. Amayi anati Lolemba tibwereke wilibala, tipite naye kwa adokotala aja.

Lamulungu masana, titabwerako kutchalitchi, foni ya amayi inalira. Anali ababa, atakwera pachulu pamene amati pamagwira netiweki. Ndinalanda foni amayi asanamalize moni.

"Ababa, imbani mluzu."

"Ah ah, iwe, wapenga? Ndili pakati pa anthu kuno."

"Galu wanu sakudya. Mawa akukamubaya."

Ndinakweza mawu a foni n'kuiika pafupi ndi khutu lija loima. Ababa anaimba, kawiri mofupika, kamodzi motalika. Unatuluka wowonda ngati kulira kwa nkhululu. Anabwerezanso. Galu sanaphethire n'komwe.

"Wadzuka?" anafunsa ababa.

Amayi anandilanda foni, analowa m'nyumba, ndinamva wadiropu ikutseguka. Anatuluka n'kuponya majombo pamapazi panga, chitini pambuyo, atathiramo kale.

"Pita ukazungulire," anatero. "Lero ndikudziwa kuti ndiwe."

Ndinapita ndi diresi la kutchalitchi lomwelo. Ana a m'nyumba zoyandikana anasiya mpira n'kumanditsatira akukuwa. Pamango ndinatsitsa phewa, ndinakhwekhwereza majombo, ndinaimba ndi mpweya wanga wonse. Amayi anali ataima pakhonde, foni atainyamula m'mwamba. Galu anavutika, anagwa kamodzi, anadzukanso, n'kubwera.

Ndili chogwada pageti ndinamva mawu a ababa pafoni. "Ameneyo ndi ndani?"

"Mwana wanu wamkazi," anatero amayi. "Masiku ano ndiye amene amaweruka kuntchito pakhomo pano."

Amayi anayang'ana foni ngati yaduka. Kenako ababa anati, "Umuuze kuti mluzu wachiwiriwo akufulumira nawo." Za tsiku lobwera sananene, ndipo amayi sanafunse.

Wilibala sitinabwereke. Tsopano folo koloko iliyonse ndimazungulira. Azimayi a pamzere wathu amati mwana uyu sadzakwatiwa, ine ndimawaimbira mluzu wina wapadera ndikamadutsa pamakomo pawo. Amayi akaona ndikuvala majombo amalowa m'nyumba n'kukweza wailesi. Galu amadya mbamu zitatu, tsiku labwino zinayi, ndipo nthiti zikuwerengekabe. Asanadye amanunkhiza dzanja langa nthawi yaitali, kenako amayang'ana kumbuyo kwanga, kumsewu. Nanenso ndimacheuka. Tikaona kuti kulibe munthu, amadya.

Mluzu wachiwiri uja ndimaufulumizabe. Amene sakukhutira abwere adzaimbe yekha.