Madzi Osafika M'mawondo

Zuhura Fakiri anabadwira ku Chia, m'banja lolima mpunga, ndipo lero ndi pulofesa wa za ubongo. Ukamva zimenezi ungaganize kuti ndi mayi wokondwa. Ayi ndithu, ndi munthu wotopa, ndipo kutopako kunayamba ali ndi zaka khumi.

Tsiku limenelo ankawokera mpunga ndi mayi ake, a Madina, komanso mkulu wake Sharifa, yemwe ankadwala khunyu. Sharifa anagwa chafufumimba m'madzi osafika n'komwe m'mawondo, n'kuyamba kuphupha. Zuhura atati athamange, mayi ake anamugwira mkono zolimba. Pajatu aliyense kumudziko ankakhulupirira kuti wakhunyu akagwa sagwidwa, ati thovu lake likakukhudza nawenso udwala. A Madina anakuwa kuti anthu abwere ndi nsungwi yomukokera. Pomwe nsungwiyo inkafika n'kuti Sharifa atamwa kale madzi, zonse zitatha.

Kuyambira pamenepo mtsikanayo analimbikira sukulu ngati waikwiyira. Anaphunzira udokotala ku Blantyre, kenako anapita kunja kozizira, komwe anatha zaka akuyang'ana ubongo wa mbewa, iye Msilamu amene kwawo mbewa sankayiyandikira. Anakwatiwa, koma banja linatha, mwamuna atatopa kudikira. Analemba mapepala ambirimbiri m'Chingerezi, amene ku Chia akanangokulungira usipa. Atabwerera ku Malawi anaphunzitsa ku yunivesite mpaka imvi mbuu, mawu kusasa, makina oyezera ubongo akungowonongeka.

Koma zaka zonsezo, kwa mayi ake nkhani ya khunyu sankaitchula. Ankadziwa kuti choonadi chake chidzawapweteka.

Chaka chino achipatala anamupempha kuti akalankhule ndi anthu akwawo. Anapita monyinyirika. Anaima pabwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo, n'kufotokoza kuti khunyu sapatsirana, kuti munthu akagwa umuchotse pamoto kapena m'madzi, umugoneke cham'mbali. Ena anagwedeza mutu, ena ankangosinza. Atatsala pang'ono kumaliza anawaona a Madina kumbuyo, atatsamira ndodo. 

Atafika kunyumba anawapeza pakhonde akusankha miyala mumpunga.

“Iwe Zuhura, zomwe umanena zija n'zoona, kapena n'zasukulu chabe?”

“N'zoona, amayi.”

“Ndiye tsiku lija, ndikanakusiya?”

Zuhura anali atayankhapo mafunso a akatswiri m'mayiko ambiri osachita chibwibwi, koma ili analizemba.

“Inali nthawi yake, amayi. Allah anali atalemba.”

“Zimenezo a Shehe anandiuza kale pamaliro. Ine ndikufunsa iwe, wophunzira. Usandinamize, ndakalamba.”

Zuhura anayang'ana m'lichero. Kubisa kunali kutamutopetsa kuposa ntchito ina iliyonse.

“Ndikanangomutukula mutu, amayi. Basi. Ndipo sindikanadwala.”

A Madina anatola kamwala, n'kukayang'ana nthawi yaitali, osakataya.

“Ndinkaopa kutaya awiri,” anatero motsitsa mawu.

“Ndikudziwa.”

Kenako mayi wokalambayo anatambasula dzanja n'kumugwira mwana wake pamkono pomwe paja. Ulendo uno dzanjalo linalibe mphamvu, ndipo Zuhura sanayese kulichotsa.