Manda a mwana wanga ali m'disiketi

"Kanthu aka musam'patse munthu, ngakhale mlongo wanu. Wina akakagwira molakwa, zonse zifufutika." Anatero malemu amuna anga pondipatsa disiketi yakuda. Sanafunike kubwereza. Ine ndi kale lomwe sindikhulupirira munthu.

Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi, kudzera ku Mandimba. Kumeneko mwana wathu woyamba, wamkazi, anamwalira ine ndili chigonere m'chipatala. Anamuika bambo ake ndi anthu a m'mudzi wina umene sindinaupondepo. Titabwerera kuno ku Lichinga, amuna anga ankati akangoyamba kunena za maliro aja, ine ndinkanyamuka n'kupita kumunda wa mbatata. Ndiye poti ankagwira ntchito yosesa pa ofesi ina, anaphunzira kutayipa pa makina a pamenepo, n'kulemba zonse: dzina la mudzi, njira yake, pamene pali manda.

"Tsiku limene mtima wanu udzafune, mudzazipeza umu," anatero.

Ndinaikulunga m'pulasitiki, n'kuibisa m'chitini pansi pa mbewu ya nyemba. Iwo atamwalira, kunabwera mayi wina amene ankagwira nawo ntchito.

"Amayi, makina akale aja akuwataya. Bweretsani disiketi ija ndikusamutsireni pa atsopano."

Ndinamuyang'ana nsapato, ndinamuyang'ana chikwama. Akufunanji ndi za mwana wanga? Ndinamuuza kuti inatayika. Anabweranso kachiwiri, sindinatsekule chitseko.

Mtima uja wadzafuna mochedwa, miyendo itayamba kale kukana. Chaka chatha m'nyengo yozizira ndinapita kwa bambo wina wokonza makompyuta pafupi ndi msika. Atangoiona anaseka, n'kunditchula Vovo, monga amaitanira agogo kuno.

"Vovo, chimenechi mwachifukula kuti? Ndi chachikulu kuposa ana anga!"

"Sekani, koma manja anuwo ndiziwaona."

Anasakasaka m'makatoni mpaka anapeza kachipangizo kafumbi kolowetsamo disiketi. Kanalira ngati mbewa ili m'nkhokwe. Kenaka pagalasi panatuluka mawu amodzi: dzina la mwana wanga. Bambo ake anatcha fayiloyo dzina lake. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Tsegulani," ndinatero.

Anatsegula. Panadzaza timabokosi, timitanda, zilembo zopindika zosadziwika mtundu wake. Anayesa pulogalamu ina, n'kuyesanso ina. Kuseka kuja kunatha.

"Vovo, zolembazo zilimo ndithu. Koma makina amene anazilemba anali ndi kasungidwe kawokawo, ndipo a masiku ano sakukadziwa. Akanazisamutsa nthawi imene makinawo anali amoyo, bwenzi mukuwerenga pano."

Sindinamuuze za mayi uja. Ndinangofunsa ngati palibe ngakhale liwu limodzi looneka. Anatsitsa pang'onopang'ono. Pakati pa timabokosi panali "kumanzere kwa", basi. Kumanzere kwa chiyani? Kwa mjigo, kwa mzikiti, kwa mtengo?

Anandipempha kuti akope fayiloyo aitumize kwa mnzake wa ku Nampula amene amasunga makina akale. Ndinazengereza mpaka wina amene anabwera ndi foni yosweka anatopa n'kuchoka. Ndinavomera. Aka kanali koyamba kukhulupirira munthu pa za disiketiyi. Mnzakeyo anayankha patapita miyezi iwiri kuti makina a mtundu umenewo sanawaonepo.

Mayi uja ndinakamufunafuna kumene ankakhala ku Lulimile. Anandiuza oyandikana naye kuti anamuika kale.

Tsono ndikupempha inu amene mwawerenga izi. Ngati munali kothawa nkhondo mbali ya kuseri kwa Mandimba, n'kukhalapo pa maliro a kamtsikana ka zaka zinayi kamene mayi ake sanaoneke kumanda, kapena ngati kwinakwake muli ndi makina akale otayipira amene amayakabe, bwerani ku Namacula, kuno ku Lichinga, mudzandione. Ngakhale mulibe zonsezi, dzangondizondani, masiku ano sindituluka. Mukagogoda ndiyamba ndasuzumira pawindo, ndipo ndikufunsani mafunso ambiri. Musakhumudwe n'kubwerera. Dikirani pang'ono, nditsegula.