Azakhali Anga Pakhoma la Chionetsero

Zaka zimene ndinkagwira ntchito yoika zithunzi m'mafulemu ku Limbe, zambiri zimene zinkafika patebulo langa zinali za maukwati, masatifiketi ndi nkhope za anthu omwalira. Sitoloyo inali ya bambo wina wachimwenye, amene makolo ake anayamba ndi kugulitsa magalasi a m'mawindo. Ine ndinkadula galasi ndi timatabwa m'kachipinda ka kuseri, ndipo ndinazolowera kuyeza chithunzi osachiyang'ana.

Tsiku lina kunabwera mayi wachitsikana wojambula zithunzi atanyamula katoni yaikulu. Anati zithunzi zake zikupita ku chionetsero m'tauni, chokhudza kusintha kwa nyengo ndi kusamalira chilengedwe. Ankafuna mafulemu akuda, opyapyala, ofanana onse, ndipo anatipatsa sabata imodzi.

Zinali zithunzi zikuluzikulu. Phiri la Soche litang'ambika kuchokera pamwamba, chipsera cha matope chimene namondwe anasiya. Njinga zitasenza matumba a makala pamsewu wa ku Chikwawa. Mapulasitiki atakola m'nthambi. Ndinkangoyeza n'kudula. Chachisanu ndi chiwiri ndinachitembenuza kuti ndipukute galasi, ndipo ndinapeza kuti ndi azakhali anga.

Azakhaliwo, mlongo wawo wa bambo, ankakhala ku Nkolokosa. Chimwalirireni amuna awo ankakumba mchenga mumtsinje wa Naperi n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Pachithunzipo anali m'madzi olekeza m'mawondo, atawerama, fosholo ili m'manja. Nkhope sinkaoneka bwino, koma ndinawadziwira phewa lakumanzere, limene linali lotsika kuposa linzake. Kapepala komata pansi pake kankati kukumba mchenga kukugumula magombe a mtsinje wa Mudi.

Wojambula uja atabwera kudzatenga katundu wake ndinamuuza kuti mtsinjewo si Mudi.

"Mwadziwa bwanji?"

"Awa ndi azakhali anga. Ku Mudi sanakumbeko."

Anayang'ana mufoni mwake kwa kanthawi, n'kuvomera kuti anasokoneza. Anati tsiku limene ankajambulalo anapempha chilolezo, ndipo mayiwo anangoti ajambule bola asawaimitse ntchito. Kenako anandipempha kuti ndidzabwere nawo pa tsiku lotsegulira.

Nditapita ku Nkolokosa kukawauza, azakhali anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Ndiye pakhomapo ndavala chiyani?"

"Chitenje chobiriwira chija."

"Chong'ambika chija," anatero, n'kupitiriza kusadzula masamba.

Loweruka lake anavala nsapato za kutchalitchi, tinakwera minibasi mpaka m'tauni. Chionetserocho chinali m'holo ya makoma oyera, pansanjika yoyamba. Anthu ankayenda pang'onopang'ono atagwira matambula a zakumwa, akulankhula motsitsa mawu. Azakhali sanathamangire chithunzi chawo. Anayamba ndi cha pakhomo n'kumatsata mzere. Pa cha Soche anaima nthawi yaitali, analoza ndi chala osakhudza galasi, n'kunena kuti pamenepo panali nyumba ya mayi wina amene ankapemphera naye.

Atafika pa chawo anapinda manja kumbuyo.

"Malo awa kulibenso," anatero. "Madzi anadya gombe lonseli, ndi mkuyu uwu womwe. Pano tikukumba kumtunda kwa mlatho."

Wojambula uja anabwera kudzawapatsa moni atagwira mkono, n'kuwaonetsa kuti dzina la mtsinje analikonza. Azakhali anathokoza.

Kenako panali zolankhula. Mlendo wolemekezeka anali bambo wa suti yotuwa, amene analankhula m'Chingerezi za mitengo, makala ndi mitsinje. Atafika pa nkhani ya mchenga analoza chithunzi cha azakhali, anthu onse n'kutembenukira komweko. Palibe amene anadziwa kuti mayi amene waima pafupi nachoyo ndi yemweyo. Ine ndinkawamasulira m'khutu, ndikufewetsa mawu ena.

"Usavutike," anandinong'oneza. "Bambo awo ndikuwadziwa. Pamene ankamanga mpanda wa nyumba yawo ku Chimwankhunda, mchenga ankatenga kwa ife."

Zolankhula zitatha, bamboyo ankazungulira akugwirana chanza ndi anthu. Atafika pomwe tinali, azakhali ananjuta pang'ono.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mpanda uja unatha?"

Anawayang'ana kaye, kenako anakumbukira.

"Unatha, mayi. Kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino."

Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ananso azakhali.

"Ndinu muli apa?"

"Ndine."

"Zimene ndimanena zija, sikuti ndimanena inuyo."

"Mwanena zoona," anayankha azakhali. "Gombe likugumukadi. Ndimaliona tsiku ndi tsiku, ndimaima pomwepo."

Bamboyo anafunsa ngati angalole kugwira ntchito ina itapezeka, monga yosamalira mbande za mitengo. Azakhali anati ikapezeka awauze. Popeza iwo analibe foni, bamboyo analemba nambala yanga kuseri kwa pepala la ndondomeko ya mwambowo, n'kuliika m'thumba la jekete.

Tinadya masamusa awiriawiri titaimirira. Mtsikana wina wa kukoleji anapempha kuti awajambule ataima pafupi ndi chithunzi chawo, koma azakhali anakana mwaulemu, amvekere kamodzi kakwana. Tinatsika masitepe dzuwa likadali pamutu, chifukwa ankafuna kudutsira kumsika kukagula sopo.

Foni ya bambo uja sinabwere. Kwa miyezi ingapo ndinkayankha mwachangu nambala iliyonse yachilendo, kenako ndinasiya. Chionetsero chinatha patapita masabata atatu, ndipo ndinamva kuti zithunzizo zinapita kukaonetsedwa ku Lilongwe. Wojambula uja anabweretsa kusitolo kachithunzi kakang'ono ka azakhali mu envulopu, ndipo ndinakapangira fulemu ndi zotsala za matabwa pa nthawi ya nkhomaliro. Nditawapatsa, azakhali anakapereka kwa mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa ku Bangwe.

Azakhali anakumbabe mchenga zaka ziwiri, mpaka msana unakana. Masiku ano amagulitsa tomato ndi anyezi pakhonde pawo. Kumtunda kwa mlatho kuja kukukumba amayi ena, ndipo awiri mwa iwo amagwiritsa ntchito mafosholo amene azakhali anawasiyira.