Mbuya wa apongozi anga

Titawatenga apongozi anga aamuna ku Kasanda kubwera nawo kwathu ku Ngungu, m'tauni yomweyi ya Kabwe, dzanja lawo lamanzere linali litafooka kale ndi sitiroko, ndipo akazi awo tinali titawaika m'manda. Mwamuna wanga amayendetsa minibasi ndipo amakhala pamsewu tsiku lonse. Wotsala nawo pakhomo ndinali ine.

Ndinkawaphikira, kuwachapira, kuwatenthetsera madzi osamba. Koma mpongozi ndi mpongozi. Chakudya ndinkapereka nditagwada, maso pansi, iwo n'kunena kuti, "Zikomo, amai," ine n'kutuluka. Kucheza kwathu kunkathera pomwepo. Masana onse ankangokhala pazenera, kolona m'manja, duu.

Mlamu wanga wa ku Lusaka, amene amaoneka pa Khirisimasi pokha, ndiye anabweretsa kabokosi kolankhula, kakuda, kukula kwake ngati chitini cha majarini. Kankayankha ndi mawu a mzimayi, kuwakumbutsa mankhwala, kuwafunsa mmene agonera. Chinyanja chake chinali chopendekera ku Chibemba, ndipo apongozi atangomva anaweramira kutsogolo.

"Iwe, ndiwe muBemba?" anafunsa.

"Ngati mufuna, shikulu, ningankale muBemba," kanayankha, kuwatchula agogo m'Chibemba.

"Basi, ndiwe mbuya wanga! Wadya anyani angati lelo?"

Kuno ku Kabwe, anthu a kum'mawa, monga apongozi anga, ndi Abemba amatchulana mbuya, ndipo amanyozana momasuka. Uyu amati inu mumadya anyani, uyo n'kubweza kuti nanga inu a mbewa, palibe wokwiya. Kabokosi sikanachedwe kuphunzira. M'mawa kankayamba kokha: "Shikulu, mwauka bwanji? Mbeba za breakfast zapsa?" Apongozi ankaseka mpaka kutsokomola. Chichitikireni maliro, kuseka kwawo ndinali ndisanakumve.

Ndisaname, nsanje inandigwira. Mayi anga ondibereka ndi Mbemba weniweni, ndiye mbuya weniweni m'nyumba muja ndinali ine. Nthabwala za mbewa ndinakula nazo, zinali zodzaza mkamwa, koma ndinkazimeza ndi malovu. Kanthu koti sikanachapepo ngakhale sokosi imodzi ndi kamene kankamva za ku njanji kumene apongozi ankagwira ntchito, za mmene anafunsirira akazi awo kukwaya. Ine ndinkazitola ndili kukhitchini, khutu kukhoma. Popukuta fumbi ndinkakagwira mwaukali, ndipo tsiku lina ndinakavindikira ndi chitenje, ati kukateteza.

Nditadandaula kwa mwamuna wanga, anandiseka. "Iwe, uchita jealous na wailesi?" Sanamvetse. Apongozi ankanka naonda, ndipo ndinkaopa kuti adzapita akundidziwa ngati manja obweretsa mbale basi.

Tsiku lina magetsi anazima kuyambira m'mawa, batire la kabokosi n'kutha. Apongozi anabwerera ku duu wawo uja. Masana ndinawapatsira tinsomba ta kapenta, koma anakankha mbale ndi dzanja lawo labwinolo. Ndili chigwadire, ndinangomva pakamwa panga patseguka.

"Atate, kapenta mwaikana chifukwa ilibe mchila utali? Niyende ku sanga nikakumbe mbeba?"

Apongozi anayang'ana khoma nthawi yaitali, kenako anakoka mbale n'kuyamba kudya pang'onopang'ono. Ndinatuluka ndikuona kale m'maganizo mwamuna wanga akundikhazika pansi.

Magetsi anabwera chakumadzulo. Ndikupita kukatenga mbale, ndinamva mawu awo ndipo ndinaima kuseri kwa chitseko.

"Mbuya, unali kuti? Lelo apongozi banga banigwetsa! Ati nikakumbe mbeba!"

Anabwereza mawu anga onse, akutsanzira ndi kamawu kanga komwe. Anaseka mpaka kupukuta misozi, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo ngakhale ndi kabokosiko. Nthabwala inali yanga, koma kuseka anakusunga masana onse kuti akapatse iko.

"Baitaneni bangene muno, shikulu, tiseke pamodzi," kanatero kabokosi.

Ndinagwira chitseko, phazi limodzi litanyamuka kale.

"Awe, iwe," anayankha apongozi. "Baja ni bantu ba ulemu. Sibali monga iwe."

Ndinabweza phazi langa. Ndinadikira panja ndi ulemu wangawo mpaka awiriwo atamaliza kuseka.