Ngalande yanu yathera m'manda mwa amayi anga

Madzi a msewu wanu akukumba manda a amayi anga. Ndikunena inu a ofesi ya misewu, ndi inu a kampani imene inabwera ndi magireda okonzera msewu chilimwe chatha. Ndakhala chete mokwanira. Lero ndilemba zonse, kuti aliyense wowerenga pano adziwe chimene msewu wadukira asanayambe kunena kuti mayi uja wapenga.

Ine ndimalima thonje ndi chimanga kumbali ya Jumbe, pa kamsewu ka fumbi kamene galimoto za alendo zimadulira popita kumalo ogona a m'mphepete mwa paki ya nyama. Atabwera kudzakonza kamsewuko tinaomba m'manja. Ndani amakana msewu? Kale madzi a mvula ankadutsa pamwamba pa msewu, pamalo otsika, n'kumapita okha kumtsinje. Akuluakuluwa anathira dothi pamalo otsikawo, msewu n'kutukumuka ngati mzere wa mbatata. Madzi onse a kumtunda anawasonkhanitsa pamodzi, n'kuwalowetsa m'mapaipi akuluakulu a simenti pansi pa msewu, aja amati kalavati. Tsidya linalo anawaka ngalande ya miyala, yokongola ndithu. Ikuyenda, ikuyenda, n'kukathera m'kamsitu. Kamsitu kameneko ndi manda athu.

Mufunsa kuti nanga ife tinali kuti. Kwathu kuno munthu sapita kumanda ngati akupita kudimba. Nkhuni sititolako, mbuzi sitidyetserako, ngakhale chala sitilozako. Timalowako pamaliro pokha, akulu atatsogola. Tinaona ngalande ikulowera m'tchire, tinayesa yakhota kupita kumtsinje. Palibe amene anaitsatira. Koma inuyo munakhala pano miyezi, mukugula nkhuku zathu, mukumwa madzi pa mjigo wathu. Zinakukanikani kufunsa kuti mitengo yonse m'mudzi muno inatha, nanga iyi yokha ikuimiranji?

Tinadziwa mu Januwale, titapita kukaika maliro a mnansi wathu. Titangolowa m'msitumo nyimbo inaduka pakati. Madzi anali atakumba chigwembe chofika m'chiuno. Mitumbira iwiri yakale inali itadyeka theka. Mtanda wa amayi anga unali utapendekeka, ndipo kuchoka pamtumbira wawo kufika pachigwembepo panangotsala mkono umodzi. M'matopemo munali mapazi a fisi. Afisi kuno si nthano, amatuluka mu paki n'kumayenda pakati pa midzi, ndipo amakumba. Tsiku limenelo ndinalira maliro awiri.

Lolemba ndinakwera minibasi kupita ku ofesi. Ndinapeza mayi patebulo akupenta zikhadabo. Moni wanga anayankhira m'mphuno. Nditafotokoza, anati nkhani za manda si zawo, ndipite kwa azaumoyo. Ndinati sindinabwere ndi maliro, ndabwera ndi ngalande. Anati ngati ndi ngalande ndiye ndi ya injiniya, ndipo injiniya ali ku Chipata kumsonkhano. Ndibwere Lachinayi masana, nthawi ya fotini awazi. Anauzira zikhadabo zake, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lachinayi injiniya uja ndinamupeza. Bambo wa majombo owala, osadziwa matope. Ananditembenuzira kompyuta n'kundionetsa chithunzi cha mudzi wathu chojambulidwa kuchokera kumwamba. Manda athu anali kadontho kobiriwira. Anati ili ndi thengo lopanda mwini, ndipo n'chifukwa chake analisankha, poti mitengo imamwa madzi. Anati madzi ayenera kupita kwinakwake basi, sangawaike m'thumba. Ananena akumwetulira, ngati akuphunzitsa mwana. Ndinati m'thengo lopanda mwinilo muli amayi anga, agogo anga ndi ana awiri a mchemwali wanga. Anati popanda zithunzi palibe chimene angachite. Ndinamufotokozera mofatsa kuti kwathu sitilowako popanda maliro.

Mverani yankho lake.

"Ndiye palibe vuto, amayi. Kukachitika maliro ena mutijambulire, mutumize."

Ndinamuyang'ana. Ndinayesa kuti aseka, kapena achita manyazi. Ayi, anali atayamba kale kufufuza makiyi a galimoto. Ndiye ndibwerere kumudzi ndikasankhe woti afe? Ndiyambe ndi ndani, bambo injiniya, wokalamba kapena wodwala? Mtima unandiwawa moti m'minibasi ndinaiwala kutsika pamalo pathu. Ndinamuda munthu ameneyu, ndipo sindibisa, ndikumudabe.

Amalume anga a Sakala, mlongo wawo wa amayi, anasonkhanitsa akulu. Anakambirana tsiku lonse, n'kulola kuti adzukulu, aja amatikumbira manda, alowe kopanda maliro. Chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire changa chinachitika chifukwa cha zithunzi zanu. Anajambula ndi foni yanga, ndinatumiza. Yankho linabwera loti msewu ukadali m'manja mwa kampani, ndiye ndilankhule ndi a kampani. Ndinaimba. Wa kampani anati iwo ntchito anaipereka kale ku ofesi ya misewu, ndipo makina awo ali kuchigawo china. Kenako anandifunsa ngati sitingathe kungosamutsa mandawo, n'kuwaika pokwera. Kusamutsa. Ngati nkhokwe.

Mwezi womwewo mtengo unagwera pamsewu, n'kuimitsa galimoto yopanda denga ya alendo a makamera. Dzuwa lisanafike pamutu kunali kutabwera anthu ndi macheka. Mtengo unadulidwa, nthambi zinakokedwa, pamsewu mpaka panasesedwa. Ndiye makutu muli nawo eti? Amangosankha oti awamve.

Ndinabwereranso ku ofesi, n'kuyala chitenje pakhomo, n'kunena kuti sindichoka mpaka injiniya akaone ndi maso ake. Manyazi ndi anthu odutsa ndi amene anamukweza galimoto. Titafika anaima pamwamba pa kalavati, manja m'thumba, n'kuyamba kuyamikira ntchito. Anati mapaipi ndi aakulu bwino, simenti sinang'ambike, madzi akudutsa monga anafunira. Amalume anamupempha kuti titsatire ngalande mpaka pothera, poti akulu alola. Tinayenda. Titafika pamene mitengo imayambira, majombo aja anaima. Amalume anati tiyeni. Injiniya anatembenukira dalaivala wake n'kunena motsitsa mawu kuti nawonso kwawo salowa kumanda chisawawa, ndiponso akazi ake ndi oyembekezera.

Ndinamva ndi makutu angawa. Ndiye mwambowu amaudziwa. Muofesi muja ankandiyang'ana ngati wotsalira, pamene iye phazi lake lomwe sangaliike. Phazi limodzi akuopa, koma madzi a dera lonse sanaope kuwalowetsamo. Anabwerera ku galimoto akunena kuti aziona mvula ikatha, mwina pa ndalama za chaka chamawa. Kodi madziwo munawauza kuti adikire chaka chamawa?

Sabata yatha mvula inagwa yamphamvu. Itakata, adzukulu analowanso. Potuluka, wamkulu wawo sanandiyang'ane. Anatengera amalume pambali, koma nkhope ya amalume inandiuza zonse. Bokosi la amayi laonekera cha kumapazi. Analikwirira ndi dothi, anaika minga pamwamba chifukwa cha afisi, koma anati mvula ina yotere ikagwa, lipita.

Amayi amenewa ndinawadwazika ndekha mpaka tsiku lomaliza. Ndinawasambitsa ndekha, n'kuwaveka chitenje chawo cha ku mpingo. Anasauka moyo wawo wonse, akugona pamsasa m'munda kuthamangitsa njovu kuti ife tidye. Tinati tsopano apumule. Ndiye ndikhale pansi, manja m'khosi, ndidikire kuti mafupa awo ndikawatole kumtsinje?

Ndinatenga matumba anga a thonje, amene ndinasungira zokolola za chaka chino. Amalume anabwera ndi fosholo, amayi a m'mudzi anabwera ndi mabeseni. Tinadzaza mchenga. Masana, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona, tinatseka kukamwa kwa mapaipi anu onse, n'kutsamiritsa miyala ndi zipika. Musavutike kufufuza amene anachita. Ndine.

Ndinkadziwa kumene madziwo apite. Munda umene uli kumtunda kwa kalavati ndi wanga. Thonje langa linali litayamba maluwa, ndipo pano lili pansi pa madzi, masamba okha akuonekera. Ndinalipereka ndikudziwa. Mvula itagwanso, madziwo anadzaza m'munda mwanga, kenako anapita kukafuna njira yawo yakale, pamalo otsika paja munathira dothi. Madzi saiwala khwawa. Akwera pamwamba pa msewu wanu, akuudya pang'onopang'ono, ndipo akutsikira kumtsinje monga ankachitira inu musanabwere.

M'mawa uno galimoto za alendo zandanda mbali zonse ziwiri. Ena akuti ndege iwasiya. Ndiye tamvani liwiro la ofesi imene inalibe nthawi. Ndinaika mphika wa nyemba pamoto galimoto yoyamba itaima, ndipo nyembazo zisanapse injiniya anali atafika. Osati Lachinayi, osati fotini awazi. Majombo aja lero alawa matope mpaka m'maondo. Anandipeza nditakhala pamatumba, n'kundipatsa moni ndi manja awiri, akuti amayi athu mwadzuka bwanji. Lero ndakhala amayi ake. Anati timvetsetsane, alendo akuvutika, dziko likuchita manyazi. Ataona kuti sindikusuntha anasintha mawu, anati kutseka kalavati ndi mlandu, aitana apolisi.

"Aitaneni, bambo," ndinatero. "Akanditenga ine, pathumba pano pakhala amalume. Akawatenga iwo, mudzi ulipo."

Inu alendo, pepani. Simunandilakwire. Funsani bambo wa majomboyo chifukwa chake mukuona madzi m'malo moona mikango.

Tsopano inu a ofesi ndi a kampani, kanganani nokha kuti msewu ndi wa yani, ine sizindikhudza. Ndikufuna ngalande imeneyi muikhotetse ikafike kumtsinje. Chigwembe chija mukwirire, ndipo kumbali ya manda muwake mpanda wa miyala. Amene ananena kuti tidikire maliro abwere akhale pansi pamaso pa akulu athu, abwereze mawu ake aja kapena awameze. Malonjezo ndakhuta nawo. Thumba loyamba lichoka tsiku limene lole ya miyala idzatsitse pano. Mukachotsa mokakamiza, mchenga kumtsinje sunathe, ndipo mabeseni tili nawo.

Ndipo mundiyankhe poyera, pano pomwe. Ndani anasaina kuti ngalande ithere pamenepo? Anafunsa ndani? Akanakhala manda a kwanu, mukanati madzi ayenera kupita kwinakwake?

Abale anga a ku Nsefu, a ku Kawaza ndi kwina konse kumene magireda akubwera, musangoomba m'manja monga tinachitira ife. Akawaka ngalande, uzani akulu, muitsatire ndi mapazi mpaka pothera, makina asanachoke. Anthu amenewa amaona midzi yathu kuchokera kumwamba, ndipo kuchokera kumwamba mitumbira sioneka.

Mvula yayambanso pamene ndikulemba. Thonje langa lapita, msewu ukugumuka, ndipo chisoni ndilibe ngakhale pang'ono. Adzukulu atuluka m'msitu posachedwa pompa. Akuti m'chigwembe muja lero simunadutse madzi, ndipo dothi la pamapazi pa amayi lili momwe analisiyira.