Tsiku Limene Atsikana Anavala Majezi Athu

Tsiku limenelo tinalipo ine, tcheyamani wa timu, mwana wanga wamwamuna, amene amalondera ku Faerie Glen, mwana wake wamkazi, amene ndi mdzukulu wanga, atsikana anzake khumi ndi mmodzi, anyamata athu a mpira, abusa, ndi mayi wina wogulitsa mandasi amene sasowa pamene pali anthu.

Bwalo lathu la mpira la ku Hammanskraal ndinalambula ndine, ndi manja angawa. Ndakalambira m'magadeni a ku Brooklyn, udzu umandidziwa. Lamulo ndinaikanso ndine: Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi anyamata azimenya mpira, Loweruka atsikana azichapa majezi. Ndipo kuchapa kuno si masewera, madzi ake ndi odikira galimoto ya thanki. Mdzukulu wanga anandipempha katatu kuti nawonso azisewera. Katatu konse ndinamuyankha kuti amve ndi a nyumba yachitatu omwe: "Wanu ndi mpira wa manja!"

Lamlungu limenelo ndikufika, wezulo ili m'khosi, ndinapeza majezi ochapa bwino, osita ndithu, koma ali m'matupi mwa atsikana. Anali ataima pakati pa bwalo, ena atavala motembenuza kuti akhale matimu awiri. Eish! Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti vulani, koma abusa anali pomwepo, ndipo gogo sauza adzukulu ake zimenezo pagulu.

Mdzukulu wanga ananjuta mwaulemu. "Agogo, tachapa ndife, lero tivalenso ndife. Mphindi makumi awiri basi."

Ndinatembenukira anyamata. "Lowani m'bwalomo, awa atuluka okha!"

Kaputeni anakhala pansi. Goloboyi naye pansi. Onse pansi, ngati pamaliro.

"Madala," anatero kaputeni, "ife sitisewera mpaka alongo athu atasewera. Tinagwirizana kale."

Ine, munthu amene ndikatsokomola anyamata amaima pamzere! Mayi wa mandasi anakuwa: "Imbani wezuloyo madala, mandasi akuzizira! Kapena mukuopa kuti aposa anyamata anu?"

Ndinaimba. Ndinene zoona, ndinaimba kuti achite manyazi. Mumtima ndinati pakatha mphindi zisanu onsewa akhala lilime panja.

Abale inu! Mpira unabwera m'mwamba, mdzukulu wanga anautsitsa ndi chifuwa, kuugoneka pansi ngati khanda. Anachenya woyamba, wachiwiri anagwa chagada, kenako mwendo wamanzere, phuu! Ukonde unagwedezeka. Sindikudziwa kuti chipewa changa chinagwera pati. Ndinangozindikira ndikuthamanga m'bwalomo, ine refa, ndikukuwa kuti, "Magazi anga amenewo! Mwendo umenewo ndi wanga!" Anyamata ankavina atanyamula nsapato m'mwamba. Mphindi makumi awiri zinatha kalekale, ine osayang'ana wotchi, mpaka abusa anandikoka malaya.

Ndinakwera pa kireti ya mayi uja n'kulengeza, pakuti polengeza ndiye sindichepa: kuyambira lero atsikana aziyamba ndiwo, anyamata pambuyo, ndipo jezi aliyense azichapa imene watulutsira thukuta.

Pobwerera kunyumba ndinkafotokozera aliyense pamsewu za chigolicho, ngakhale amene analipo. Tinafika pageti. Pamenepo mwana wanga anati:

"Abambo, mwanayu wakhala akumenya mpira kuseri kwa nyumba yanu yomweyi zaka zitatu. Khoma lonse ndi zipsera. Amene simunkadziwa ndinu nokha."