Mwana wa m'mbereko ya a Msowoya

Ndikamva fungo la mlombwa wongosemedwa kumene, mtima umabwerera ku Bolero, kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, kumene a Msowoya ankakhala pansi pa mtengo wa mango atatambalala, kasemasema akulira kuti kho, kho, kho, utsi wa fodya wawo wopichira ukusakanikirana ndi fumbi la mapikapu opita ku Thazima. Ife tinali obwera. Bambo anawatumiza kukaphunzitsa kumeneko kuchokera kwathu ku Ntcheu zipani zambiri zitangoyamba, ine ndili sitandade folo. A Msowoyawo ana tonse tinkawatchula kuti asekulu, kutanthauza agogo.

Ankasema mitondo ndi mipini ya makasu, koma pakhonde pawo panali chosema chimodzi chimene sankalola kuti chichoke, ngakhale alendo opita ku Nyika achonderere chotani. Chinali cha mayi wobereka mwana, msinkhu wofanana ndi wanga nthawi imeneyo, atapotoza khosi kufuna kuona kumbuyo. Mbereko inamufunditsa mwanayo mpaka kumutu, kungotsala kabowo kolowa zala ziwiri. Ukapisa zala, unkakhudza kamphuno, timilomo, ndi chipumi chosalala.

Mayi anga anapisa nati mwanayo wagona. Mnzanga Tiwonge anati akulira. Amayi ena ogulitsa tomato anachotsa dzanja msanga, nalipukuta pachitenje.

"Asekulu, mwanayu ali maso kapena wagona?" ndinawafunsa.

"Funsa amake. Si ndiwo am'bereka?"

"Amake sakumuona."

"Yewo chomene, mwana wa aphunzitsi," anandithokoza m'Chitumbuka akuseka. "Sukulu ikugwira ntchito."

Ndiulule, ine kusadziwa kumandidwalitsa, ndipo matendawa sanayambe lero. Tsiku lina masana, iwo atapita kukanola kasemasema, ndinaba kagalasi kodziyang'anira ka mayi, ndinakola nako dzuwa n'kulilowetsa m'kabowo muja. Ndinasuzumira mpaka diso kutuluka misozi. Munalibe nkhope. Munali timabampu ndi timizere ta sompho, ngati m'kati mwa mtondo wosatha kusema. Ndinatsinzina n'kupisanso zala: mphuno inalipo, milomo inalipo, ndipo ndikhoza kulumbira kuti inali yofunda.

"Wapeza chiyani, adokotala?" Anali a Msowoya, ataima kumbuyo kwanga.

"Mulibe munthu, asekulu."

"Nanga zala zikuti bwanji?"

"Zikuti alimo."

"Ndiye wabodza ndani pamenepo?"

Sanandikalipire. Anakhala pansi, nayatsanso fodya, nandiuza za malemu akazi awo, NyaGondwe. Kalekale, mwana wawo woyamba atatentha thupi, NyaGondwe anamubereka n'kuyamba wapansi kupita kuchipatala kuboma. Njira yonse ankamuyimbira, akumva kutentha kumsana, akuti bola akadali wofunda. Atafika, anamwino anamasula mbereko n'kuyang'anizana. Mwana anali atatsogola kale.

"Kutentha kumene ankamvako kunali kwa thupi lake lomwe," anatero a Msowoya. "Mpaka kukalamba ankandifunsa kuti, pamlatho paja anali moyo? Nanga pamsika paja? Ine ndikanamuyankha chiyani? Kumsana kulibe maso, mzukulu. N'chifukwa chake nkhopeyi ndinaisema nditatsinzina. Ndinati iye sanaone, inenso ndisaone."

Ndinayang'ana khosi lopotoka lija, mitsempha yake yokokeka, ndipo ndinaopa munthu amene manja ake ankadziwa zimene maso ake sanazionepo.

"Ndiye uyu wamwalira?"

"Uyu? Iai. Awa sanafike. Akadali panjira."

Bambo anasamutsidwa patapita zaka zitatu, ndipo sindidziwa kumene chosemacho chinathera. Lero ndili ndi Tadala wanga wa miyezi isanu, ndi setifiketi ya ku koleji yomwe ili m'sutikesi. Zizindikiro zoopsa zimene amatiphunzitsa kusikelo ndikhoza kuzilakatula ngati ndakatulo. Koma ndikangomubereka, akangokhala chete pang'ono, ndimafuna kumuona nkhope. Ndimaima pamagalasi a masitolo. Ndimatembenuzira foni kumsana. Ndaimikapo amayi osawadziwa pamsewu kuti, "Pepani mayi, tandionerani, akupuma?" Bambo ake amandiseka kuti mwanayu adzakula akudziwa anthu onse a m'tauni. Sindinawauzepo za NyaGondwe.

Dzulo ndikuchokera kumsika, dengu lili pamutu, foni itazima, msewu wopanda munthu, Tadala anangoti zii. Kumsana kunali kutentha, koma kutentha ndinasiya kukukhulupirira ndili sitandade folo. Ndinapotoza khosi mpaka kuwawa, ndipo ndinangoona nsalu. Pamenepo ndinatsinzina, ndinapititsa dzanja kumbuyo, ndinagwira kaphazi kake n'kukanda pansi pake ndi chala. Ndinadikira. Tizala take takuphazi tinapindika n'kundigwira.

Ndinakonza dengu pamutu. Tinali tikadali panjira.